Yesani osmosis pakhomo ndi mbatatesi, shuga ndi rula

Mukamadutsa pa chiwaya chilichonse m'Mzuzu muno, kaya ku Zigwagwa, ku Chibavi kapena kufupi ndi depoti, tasuzumirani pansi pa tebulo. Mbatatesi zodula kale zimene zikudikira mafuta zimakhala m'ndowa ya madzi, ndipo mukatolapo kachidutswa kamodzi kamakhala kolimba gwa, mukati mukapinde kamathyoka. Pamwamba pa tebulo pali beseni la kabichi wa saladi. Akamuthira mchere m'mawa, pofika masana amakhala atalobodoka, ndipo pansi pa beseni padikha madzi amene palibe anawathira. M'ndowa muja madzi alowa m'maselo, m'beseni atuluka. Zonse ziwirizi ndi osmosis, mutu umene umagwetsa ana ambiri pa Biology wa MSCE chifukwa amauloweza pamtima asanauonepo ndi maso.

Malangizo awa ndi a mwana wa sekondale, makamaka wa ku CDSS kumene zipangizo za labu n'zoperewera, komanso a kholo kapena mphunzitsi amene akufuna kumuthandiza. Kungoona kuti mbatatesi yatupa kapena yafota si nkhani, ngakhale mwana wa Sitandade 4 angaone zimenezo. Chimene tikusaka ndi mlingo wa shuga umene mbatatesi siisintha n'komwe, siitupa komanso siifota. Mlingo umenewo ndi umene umakuuzani za m'kati mwa selo popanda kuling'amba, ndipo nzeru yake ndi yomwe ija ili m'diripi ya kuchipatala ndi m'paketi ya Thanzi ORS.

Musanagwire mpeni

Selo lililonse lamoyo lazunguliridwa ndi kachikopa kopyapyala kwambiri, cell membrane. Kachikopa kameneka kamasankha zodutsa. Madzi amadutsa mosavuta, koma shuga wa mu tiyi, amene mamolekyu ake ndi aakulu, sadutsa chisawawa, ndipo mchere nawonso umadutsa movutikira. Mamolekyu a madzi sakhala phee, amangoyendayenda, ena akulowa ena akutuluka nthawi imodzimodzi. Mbali zonse ziwiri zikakhala ndi zosungunuka zofanana, olowa ndi otuluka amalingana, ndiye inu simuona kanthu. Koma mbali imodzi ikachuluka shuga kapena mchere, madzi opita kumeneko amaposa obwerako. Lamulo lonse ndi lomweli: madzi amachoka kosukuluka n'kupita kumene zosungunuka zachuluka, kudzera pa kachikopa kosankha.

Munthu woyamba kulemba za zimenezi anali wansembe wa ku France, Jean-Antoine Nollet, mu 1748. Iye anatseka kukamwa kwa botolo la mowa waukali ndi chikhodzodzo cha nkhumba n'kulimiza m'madzi, ndipo chikhodzodzocho chinatukumuka chifukwa madzi ankalowa mofulumira kuposa mmene mowa unkatulukira. Panapita zaka zoposa 200 kuti anthu adziwe makomo enieni amene madzi amadzera. Ndi timapuloteni tokhala pa kachikopako totchedwa aquaporin, ndipo Peter Agre wa ku America analandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa chotitulukira. Inu simufunika chikhodzodzo cha nkhumba, mbatatesi ili ndi tizikopa totere mamiliyoni.

Zimene musonkhanitse

Mbatatesi imodzi yaikulu, yoposa chibakera, yatsopano ndi yolimba. Zochokera ku Jenda zimene zangotsitsidwa kumene mu msika waukulu n'zabwino. Pewani yokwinyika kapena yophuka maso, chifukwa imeneyo yataya kale madzi. Ndipo ikhale imodzi, osati ziwiri, poti mbatatesi ziwiri za m'thumba limodzi sizifanana m'kati.

Mufunikanso makapu asanu ofanana kukula ndi mpangidwe. Mabotolo a madzi akumwa odula pakati amagwira bwino ntchito chifukwa amaonekera m'kati. Pezani botolo lina lathunthu la 500 ml loyezera, kasupuni ka tiyi, rula yokhala ndi mamilimita ooneka bwino, mpeni wakuthwa kapena lezala latsopano, kansalu kouma, pepala ndi pensulo. Shuga wake ndi wa masiku onse, woyera kapena wofiirira. Mufunika masupuni 11 okha, koma ndi mmene shuga wadulira masiku ano, pemphani kaye kwa amayi, musakhale ngati mwaba.

Madzi a pampopi ochokera ku damu la Lunyangwa ndi okwanira pa ntchitoyi. A mvula otchera m'mbale yoyera ndi abwino koposa, ndipo kuno mvula sitiisowa. Ku labu amagwiritsa ntchito madzi otcheza, ofanana ndi aja amagulitsa othira m'batire ya galimoto. Mukati mugule amenewo, werengani bwinobwino pabotolo kuti ndi madzi, osati asidi wa batire.

Gawo loyamba: konzani madzi a shuga

Dzazani botolo la 500 ml mpaka pamene madzi amalekezera likamagulidwa, ndipo gawani madziwo mofanana m'makapu asanu aja. Ikani makapuwo pa tebulo losapendekeka, werani mpaka diso lilingane ndi madzi, ndipo thirani kapena kuchepetsa mpaka onse alingane. Mukatero kapu iliyonse ili ndi pafupifupi 100 ml. Amene ali ndi sirinji ya 20 ml yogula ku famase angayeze bwino kuposa apa, kasanu pa kapu iliyonse.

Lembani manambala pa makapu musanathire kanthu: 0, 1, 2, 3 ndi 5. Nambalayo ndi kuchuluka kwa masupuni a shuga. Lembani kaye ndithu, chifukwa madzi a shuga saoneka kusiyana, ndipo mukangotembenuka kamodzi simudziwanso kuti iti ndi iti.

Apa ndi pamene ambiri amaonongera ntchito. Supuni ikhale yosefula, osati ya mulu ngati ya mu tiyi wa mlendo. Tapani shuga, kenaka dutsitsani msana wa mpeni pamwamba kuti wotsala alingane ndi milomo ya supuni. Kasupuni ka tiyi kosefula chonchi kamanyamula shuga wokwana pafupifupi magalamu 4, ndiye makapu anu akhala ndi magalamu 0, 4, 8, 12 ndi 20 pa madzi a 100 ml. Gwiritsani ntchito supuni imodzi yomweyo pa makapu onse. Takasani mpaka pansi pasatsale kanjere ngakhale kamodzi, poti shuga amene wangokhala pansi osasungunuka sakoka madzi. Yambani kutakasa kapu ya shuga wochepa kumapita ya wochuluka, kuti supuni isanyamulire shuga kumene safunika.

Gawo lachiwiri: dulani mbatatesi

Sendani khungu lonse. Khungu la mbatatesi linapangidwa kuti litchinge madzi, ndiye kachidutswa kotsalira khungu sikamwa mofanana ndi tinzake. Dulani mbali zonse kuti mutsale ndi chibuluma cha makona anayi chotalika mamilimita 50 ndendende. Kenaka chilengeni tizidutswa 15 tonga chipisi, tonenepa pafupifupi mamilimita 7 mbali zonse. Mukayamba mwadula chibulumacho pa 50, tonse tituluka tofanana kutalika, ndipo mwapulumuka ntchito yodula kamodzikamodzi. Nsonga zikhale zodula mowongoka, osati mopendeka, apo ayi rula ikunamizani.

Kapu iliyonse ilandira tizidutswa titatu. Kamodzi kokha sikokwanira, chifukwa kakhoza kukhala kochokera pamalo ovulala kapena mukhoza kukayeza molakwika, ndipo simudzadziwa. Titatu timatsutsana tokha. Yezaninso kalikonse ndi kulemba. Ngati mwabwereka kasikelo ka manambala koyeza mpaka 0.1 g, yezani kulemera kwa titatu pamodzi, chifukwa kulemera kumasintha kwambiri kuposa kutalika ndipo zotsatira zimaoneka bwino. Musanatiike pa sikelo tipukuteni pang'ono ndi kansalu.

Fulumirani, tisaumire pa tebulo. Ndipo musatisungire m'madzi podikira ngati mmene amachitira a chipisi, chifukwa titupiratu ntchito isanayambe.

Gawo lachitatu: mizani ndi kudikira

Ponyani titatu m'kapu iliyonse motsatizana, onani nthawi ndi kuilemba. Tonse timire. M'kapu ya masupuni 5 tikhoza kuyandama poyamba chifukwa madziwo ndi olemera, tikankhireni pansi ndi kasupuni koyera. Vindikirani makapu ndi mbale kapena pepala la pulasitiki kuti madzi asaume ndiponso nyerere zisabwere, ndipo aikeni pamthunzi, onse malo amodzi.

Mabuku ambiri amati mphindi 30 kapena ola limodzi. Kwa amene akuyeza ndi rula, ine ndimati maola atatu. Kuzizira kumachedwetsa kuyenda kwa mamolekyu, ndipo m'nyumba za ku Luwinga kapena ku Zolozolo mu June ndi July madzi amachita kuluma zala. Pa ola limodzi kusintha kwake kumakhala kwa milimita imodzi, kovuta kukhulupirira. Komanso musasiye mpaka mawa madzulo, chifukwa maselo amayamba kufa, madzi amachita thovu, ndipo mudzakhala mukuyeza kuola m'malo mwa osmosis.

Gawo lachinayi: vuulani, gwirani, yezani

Vuulani motsata mmene munaikira, kapu imodzi pa nthawi. Gudubuzani kachidutswa kalikonse kamodzi pa kansalu, osafinya. Musanatenge rula, kagwireni kaye ndi kukapinda pang'onopang'ono, chifukwa zala zimamva zimene rula siiona. Ka m'kapu 0 kakhala kolimba, kokana kupindika, ndipo mukakakamiza kathyoka. Ka m'kapu 5 kakhala kolobodoka moti mukhoza kukumanitsa nsonga zake osathyoka. Lembani zimenezi, pa mayeso amafunsa. Ndiye yezani tonse titatu, phatikizani ndi kugawa ndi 3.

Tsopano masamu ake. Chotsani kutalika koyamba pa kutalika kwatsopano, gawani ndi kutalika koyamba, chulukitsani ndi 100. Tiyerekeze kuti mwapeza mamilimita 53, 52, 51, 49 ndi 47. Pa kapu 0 ndiye kuti 53 kuchotsa 50 ndi 3, kugawa ndi 50, kuchulukitsa ndi 100, yankho ndi +6%. Enawo atuluka +4%, +2%, -2% ndi -6%. Chizindikiro cha kuchotsera musachitaye, ndi chimene chikunena kuti madzi atuluka. Manambala anu sadzafanana ndi awa, ndipo musawakonze kuti afanane. Mwana amene walemba zimene waona, ngakhale zokhota, waphunzira kuposa amene wakopera zokongola.

Gawo lachisanu: pezani pamene mzere wadutsa ziro

Ili ndiye gawo lenileni. Jambulani graph. Mzere wogona ukhale wa masupuni a shuga kuyambira 0 mpaka 5, ndipo uikeni pakati pa pepala, osati pansi, chifukwa muli ndi manambala a pamwamba pa ziro ndi a pansi pake. Mzere woimirira ukhale wa kusintha kwa kutalika. Ikani madontho asanu aja ndipo jambulani mzere umodzi wosalala wodutsa pakati pawo. Musalumikize dontho ndi dontho mokhotakhota.

Mzerewo uyambira pamwamba kumanzere n'kumatsika, ndipo penapake udula mzere wogona uja. M'chitsanzo chathu wadula pakati pa 2 ndi 3, pa masupuni awiri ndi theka, amene ndi magalamu 10 a shuga pa madzi a 100 ml. Pamenepo madzi olowa ndi otuluka alingana, kutanthauza kuti madzi a m'kati mwa maselo a mbatatesi yanu amakoka mofanana ndi madzi a shuga a mlingo umenewo. Simunakonze kapu ya masupuni awiri ndi theka, koma graph yakuuzani. Ku labu amayeza ndi molarity (M), kutanthauza kuchuluka kwa ma mole pa lita imodzi. Mole imodzi ya shuga ameneyu ndi magalamu 342, ndiye magalamu 10 aja pa 100 ml, amene ndi magalamu 100 pa lita, ndi pafupifupi 0.3 M, ndipo mbatatesi zambiri zimagwera chapompo.

Mphamvu yake si yamasewera. Wilhelm Pfeffer wa ku Germany anaiyeza mu 1877, ndipo Jacobus van 't Hoff wa ku Netherlands, amene analandira mphoto yoyamba ya Nobel ya Chemistry mu 1901, anagwiritsa ntchito manambala a Pfeffer kupeza lamulo lowerengera. Potsata lamulolo, madzi a shuga a 0.3 M amakoka madzi oyera ndi mphamvu ya pafupifupi 7 bar, katatu kuposa mpweya umene amapopera m'tayala la galimoto yaing'ono. N'chifukwa chake kachidutswa ka m'kapu 0 kanalimba chomwecho.

Nanga bwanji sikanaphulike? Selo la chomera lili ndi khoma lolimba la cellulose kunja kwa kachikopa kaja. Madzi akamalowa mu vacuole, kathumba ka madzi ka m'kati mwa selo, selo limakankha khoma, khoma nalo limabweza, mpaka madzi sangathenso kuonjezereka. Selo lotere ndi limene mumalemba kuti ndi turgid. Kumbali inayo, madzi akatuluka selo limafooka n'kukhala flaccid, ndipo akapitiriza kutuluka kachikopa kamanyotsoka pakhoma n'kukhwinyatira m'kati, imeneyo ndiye plasmolysis. Khoma lenilenilo silifupika kwambiri. Choncho mukaonjezera kapu ya masupuni 8 kapena 10 muona mzere wa graph ukuyamba kugona m'malo mopitiriza kutsika. Sikuti mwalakwitsa, maselo afika polekezera. Ngati kusukulu kwanu kuli maikulosikopu, sendani kakhungu kofiira ka anyezi, kaikeni pa galasi ndi dontho la madzi owawa mchere, ndipo pakapita mphindi zochepa muona mtundu wofiira ukusonkhana pakati pa selo lililonse, m'mbali mukutsala mbee.

Umboni woti ndi kachikopa

Wina akhoza kutsutsa kuti mbatatesi yangonyowa basi monga chimachitira chinthu chilichonse choviikidwa. Muyankheni ndi kuyesa uku, kumene kumabweranso kawirikawiri pa mayeso.

Tengani mbatatesi ziwiri zapakatikati. Imodzi iphikeni mphindi 10 m'madzi owira, inayo ikhale yaiwisi. Dulani iliyonse pakati, sendani khungu chakumunsi, lambulani pansi kuti ikhazikike, ndipo kumbani dzenje pamwamba osaboola. Khazikani zibenthu zitatu m'mbale ya madzi osaya, ofika theka la msinkhu wake: chachiwisi chothira supuni ya shuga wouma m'dzenje, chophika chothiranso shuga, ndi chachiwisi china chopanda kanthu. Pakapita maola awiri kapena atatu, dzenje la chachiwisi chokhala ndi shuga lidzaza madzi, mwina mpaka kusefukira. Madziwo akwera kuchokera m'mbale, selo ndi selo, kutsata shuga. Chachiwisi chopanda shuga chikhala chouma. M'chophika shuga angonyowa pang'ono koma madzi sakwera, chifukwa moto waononga tizikopa, tasiya kusankha, chilichonse chikungodutsa. Chibenthu chopanda shuga chija musachisiye poganiza kuti n'chopanda ntchito. Ndi chimene chikutsimikiza kuti wakoka madzi ndi shuga, osati dzenje.

Polemba pa mayeso

Chiganizo chimene chimadya malikisi a ana ambiri ndi choti madzi amachoka pa high concentration kupita pa low concentration, osanena kuti ya chiyani. Ngati mukunena za madzi, n'zoona. Ngati wochonga wamva kuti mukunena za shuga, mwalemba chozondoka. Nenani momveka kuti madzi achoka mu dilute solution kupita mu concentrated solution, ndipo musaiwale kutchula semi-permeable membrane, kachikopa kosankha kaja. Yankho lililonse likhale ndi zinthu zitatu: mbali iti inali ndi zosungunuka zambiri, madzi analowera kuti, ndipo selo linasanduka lotani. Musalembe kuti shuga walowa n'kuumitsa mbatatesi, chimene chayenda ndi madzi. Ndipo nyemba zouma zimene zimafufuma mukaziviika usiku musazipereke ngati chitsanzo. Poyamba zimangomwa madzi chifukwa sitachi ndi mapuloteni ouma amayamwa okha, imeneyo ndi imbibition.

Mukafuna kupitiriza, bwerezani zonse ndi mbatata ya kholowa kapena karoti. Popeza zili ndi shuga wambiri m'kati, yembekezani kuti mzere udula ziro chakumanja kuposa wa mbatatesi, ndiye onjezerani makapu a shuga wochuluka.

Mukasintha shuga n'kuika mchere

Madzi sayang'ana kulemera kwa chimene mwasungunula, amayang'ana kuchuluka kwa tizigawo take. Mole ya shuga ndi magalamu 342, ya mchere ndi magalamu 58.5 okha, ndipo mchere ukasungunuka umagawika pawiri, sodium ndi chloride. Ndiye galamu imodzi ya mchere imakoka madzi kuposa magalamu 10 a shuga. Mukati muyese ndi mchere pa masupuni omwe aja, makapu onse kupatula 0 afotetsa mbatatesi ndipo graph yanu sikuuzani kanthu. M'malo mwake sungunulani masupuni awiri osefula m'botolo la 500 ml, limene likhala pafupifupi 2%, kenaka muzisukulutsa theka ndi theka ndi madzi oyera kuti mupeze 1%, 0.5% ndi 0.25%. Mzere udula ziro kufupi ndi 1%.

Nambala imeneyi muisunge, chifukwa magazi anu ali pafupi pomwepo. Thumba la diripi lolembedwa 0.9% limene mumaliona litapachikidwa m'mawodi a Mzuzu Central Hospital lili ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi, mlingo wolingana ndi wa magazi. Maselo a nyama alibe khoma. Kuthira madzi oyera mumtsempha kungatupitse maselo ofiira mpaka kuphulika, ndipo madzi owawa mchere angawakhwinyatitse. Madzi a m'nyanja zamchere ali ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita, pafupifupi kanayi kuposa diripi, n'chifukwa chake owamwa ludzu limakula m'malo motha. Ife a m'mbali mwa nyanja ya Malawi vuto limenelo sitilidziwa. Nsomba zathu ndi zimene zili pa ntchito yosiyana: chambo ndi usipa zili ndi mchere wambiri m'thupi kuposa madzi ozizungulira, madzi amangolowa kudzera m'makha, ndipo impso zake zimakhalira kutaya mkodzo wambiri wosukuluka.

Kusungunula ORS

Apa osmosis imasiya kukhala ya pa mayeso. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay ndi Rumphi sizinaphonyedwe. Poizoni wa kachilombo ka kolera amachititsa maselo a m'matumbo kutulutsira chloride m'matumbomo, sodium imatsatira, ndipo madzi amatsatira mcherewo mwa lamulo lomwe lija. Munthu amatha kutaya malita ambiri tsiku limodzi.

ORS imabweza madziwo podzera khomo lina limene kolera saliononga. M'matumbo muli mapuloteni amene amalowetsa glucose ndi sodium pamodzi, china popanda chinzake sichilowa pakhomopo. Zikalowa, madzi amazitsatira kupita m'magazi. Dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anaonetsa mphamvu ya njirayi mu 1971 m'misasa ya othawa nkhondo ya ku Bangladesh, madzi a diripi atamuthera. Mlingo umene WHO ndi UNICEF analimbikitsa kuyambira 2002 ndi magalamu 13.5 a glucose, 2.6 a mchere, 1.5 a potassium chloride ndi 2.9 a trisodium citrate pa lita imodzi. Anaukonza dala kuti ukhale wosukuluka pang'ono kuposa magazi, kuti madzi azilowera m'thupi.

Ndiye mlingo wa madzi si wongoganizira. Sambani m'manja ndi sopo. Werengani papaketi kuchuluka kwa madzi ake, ndipo ngati palembedwa lita imodzi, yezani mabotolo awiri a 500 ml a madzi owiritsa ndi kuziziritsa kapena othira klorini. Thirani paketi yonse, takasani, mwetsani pang'onopang'ono, ndipo otsala akatha maola 24 tayani. Kusungunula paketi yonse m'kapu imodzi poti mankhwala akhale amphamvu n'kumuika mwana m'kapu 5 ija: madzi achoka m'thupi kupita m'matumbo, kutsegula kukula, ndipo mchere uchuluka m'magazi. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi sikwashi wokolera kwambiri zili ndi vuto lomwelo, shuga woposa magalamu 10 pa 100 ml koma mchere wake wosakwanira. Paketi ikasowa usiku, sungunulani masupuni a tiyi 6 osefula a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi, ndipo kukacha kapezeni yeniyeni. Mwana apitirize kuyamwa, alandire zinc kuchipatala, ndipo ngati maso alowa, akulephera kumwa, akusanza chilichonse kapena chimbudzi chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, thamangani naye kuchipatala akumwa ORS m'njira.

Ku msika ndi kudimba

Amayi ogulitsa mpiru, repu ndi chainizi amawaza madzi pa ndiwo zawo tsiku lonse kuti maselo asafooke. Masamba akafota pang'ono kunyumba, dulani kunsonga kwa mapesi ndi kuwaviika m'madzi ozizira opanda mchere kwa theka la ola, adzuka. Amene afota mpaka kusintha mtundu sabwerera, maselo ake afa. Saladi ndi kachumbali muzithira mchere pamene anthu akhala kale pa tebulo. Mchere wa pa nyama yoyanika ndi shuga wa mu jamu zimagwira ntchito yomweyi pa mabakiteriya, zimawakoka madzi mpaka kulephera kuswana.

Mizu imamwa chifukwa madzi a m'nthaka ndi osukuluka kuposa a m'maselo a timizu. Mukaunjika Urea kapena NPK patsinde penipeni, fetelezayo amasungunuka m'chinyezi chochepa chimene chilipo n'kupanga madzi okolera kwambiri kuposa a m'mizu. Madzi amatembenuka, kuchoka m'mbewu kupita m'nthaka, ndipo mawa lake mupeza masamba afota, m'mphepete mwawauka, ngakhale dothi lili lonyowa. Uku ndiye kuotcha kumene alimi amadandaula, ndipo Urea amaonjezerapo ammonia amene amapweteka mizu yanthete. Manyowa a nkhuku osaola amachita chimodzimodzi.

Pa chimanga chobzala njere imodzi pa phando, boolani kadzenje pakati pa mapando awiri, thirani mlingo umene alangizi anena, kwirirani, ndipo chitani zimenezi nthaka ili ndi chinyezi, osati pa ng'amba. Pa nazale ya tomato kapena kabichi m'madimba a m'mbali mwa Lunyangwa, mbande zimafuna feteleza wochepa kwambiri, wosakaniza bwino ndi dothi musanafese. Ngati dzanja lalemera ndipo mbande zayamba kugwa, tolani njere za feteleza zimene zikuonekabe pamwamba, kenaka thirirani madzi ambiri mofatsa, kangapo tsiku lomwelo, kuti mcherewo utsike pansi kupitirira mizu. Za m'machubu ndi m'miphika thirani mpaka madzi azituluka pansi, ndipo muzichotse padzuwa masiku awiri.